Mtumbira wa Kuseri kwa Nyumba

Khasu linali lidakali m'manja pamene malume a Lameck anatulukira kuseri kwa nyumba yathu ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Anayang'ana mtumbira umene ndinali nditangounda, kenaka mimba yanga.

"Upile, munthu woyembekezera n'kumaunda manda pakhomo? Malodza amenewa. Salaza."

"Mulibe maliro, malume. Muli mpesa."

Mpesawo anandisiyira a Donato, nkhalamba ya ku Italy imene ndinkaisamalira ku Beech Grove tisanasamuke. Kwawo kunali ku Basilicata, m'tsinde mwa Vulture, phiri limene linkalavula moto kalekale. Ankati dothi lakeko ndi lakuda ndi phulusa, ndipo mphesa zake, Aglianico, ndi zamakani: zimapsa mochedwa, ena onse atakolola. Lamulo lawo linali limodzi. Chisanu cha Indiana chimapha, choncho Novembala ikafika goneka mpesa pansi, uukwirire.

"Ndiyenso mtengo wa mowa," anatero malume. "Ine mkulu wampingo ndiexplaina bwanji anthu akabwera kudzapemphera?"

Mwamuna wanga Lucious anali pazenera, akunamizira kutsuka mbale. Malume atapita anatuluka mozemba ngati mphaka woba nyama.

"Amayi aimba foni kuchokera ku Zomba, akulira. Akuti mwana akapanda kubadwa bwino, mlandu ndi wako."

Mawuwo anandilasa, ndipo ndinachita mantha. Koma mkwiyo unaposa, poona kuti mwana wanga sanabadwe n'komwe, anthu amusandutsa kale chikwapu chondikwapulira.

"Khasu ilo," ndinatero. "Wofuna kusalaza ayambe wathana ndi ine."

Palibe analigwira. Mapemphero anawasamutsira kunyumba ina, ndipo amayi amumpingo anasiya kundiimbira. Chipale chofewa chinagwa n'kukuta mtumbira uja. M'mawa uliwonse ndinkauyang'ana dzanja lili pamimba, kudikira kuti wam'katiyo atakase.

Mwaiwathu anabadwa mu Febuluwale, wamapapo ngati a mlaliki. Mu Epulo ndinamubereka kumbuyo n'kukafukula, malume ataimirira pakhonde ndi mphatso ya matewera. Mpesa unatuluka wakuda, wamatope, ngati nkhuni yovunda. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira.

Ndinaudzutsa mpesawo, ndinang'amba mpendero wa chitenje chomwe ndinaberekera mwana, n'kuumangirira kumpanda wa kumsewu, kumene galimoto za opita kumapemphero zimadutsira.