Tsiku Limene Sitima Yakufa Inayenda

A Tolebay, amene kale ankayendera njanji ndi nyundo paphewa, ananena mawuwo pa phwando lopatsa dzina khanda lina la m'mudzimo, anthu ali pakati podya nyama ya kavalo. Anati nsapato zachitsulo zimene zinkatchinga mawilo a mutu wa sitima wosiyidwa pachitunda uja zasowa, wina wazitenga kuti azisulirapo mipeni, ndipo chimene chagwira chichitsulo chonsecho tsopano ndi buleki ya pamanja yokha.

"Muwauze a Otegen aleke kukweramo ndi mwana," anatero.

Amuna anaseka. Wina anati, "Akulu, sitima yomera udzu m'mphuno iyende? Muyambe mwayenda ndinu opanda ndodo."

Moldir ankathira tiyi kufupi ndi khomo, maso pansi monga ayenera mpongozi. Mwana ankanenedwayo anali wake, Inkar.

Njanji ya kumgodi wa malasha inatsekedwa iye asanakwatiwe m'mudzimo. Siteshoni inatsala yopanda denga, mabogi anawatenga ogula zitsulo. Mutu umodzi wobiriwira unasiyidwa pachitunda, utayang'ana kumlatho wa mtsinje wouma, kumene njanji zake anazula kalekale. Mutuwo ankauyendetsa ndi a Otegen, apongozi ake aamuna.

Pa tiyi aliyense nkhani yawo inali yomweyo. Mmene mitu iwiri yolumikizana inkakokera mabogi osaoneka mathero, utsi wakuda n'kuphimba dzuwa. Mmene makapu ankavinira pashelefu sitima ikadali kuseri kwa phiri. Mmene m'chisanu sankazimitsa injini usana ndi usiku kuopa kuti dizilo angaundane ngati mafuta a nkhosa. Akafika pa mayi wa pasiteshoni amene ankawalamula pa wailesi, ankadzitsina mphuno n'kumuyeseza: "Woyendetsa Otegen Sarsenov, kutsogolo kuli chofiira." Inkar ankafa nacho chiseko.

Inkar anali ndi zaka zinayi. Poti anali woyamba kubadwa, atangosiya kuyamwa anaperekedwa kwa agogo ake monga mwa mwambo. Ankagona pachifuwa pa a Kulash, apongozi aakazi, n'kumawatchula amayi, a Otegen n'kumawatchula ababa. Koma Moldir, womubereka weniweni, mwanayo ankamutchula kuti alamu.

Chaka chimenecho nzeru za a Otegen zinayamba kusokonekera. Ankadzuka n'kuvala chipewa cha kuntchito, n'kufunsa ngati kamba wawo wamangidwa. Ankatapa mafuta a mchira wa nkhosa m'mphika kukapaka mawilo ndi unyolo wa buleki. Moldir ankaona mafutawo akutsika m'mphikamo, ndipo ankadziwa kumene akupita.

Anayesa kuwauza a Kulash akupukuta mbale.

"Amayi, zimene ananena a Tolebay zija..."

"Tolebay anaopa mthunzi wake kuyambira ali mnyamata. Mwana ali ndi ababa ake, iwe chikukuvuta n'chiyani? Bereka wina uzimulondera."

Moldir anamuimbira mwamuna wake Darkhan, amene ankagwira ntchito kuzitsime za mafuta. Iye anayankha ali m'phokoso la makina. "Bambo anga sanagundepo ngakhale nkhosa. Iwe umaopa ndi mphaka yemwe akayetsemula. Usandichititse manyazi."

Choncho Moldir anadzisankhira ntchito yoyanika timibulu ta mkaka wowawasa padenga la khola, poti pamenepo sitima inkaoneka. Masana aliwonse ankawaona awiriwo akukwera chitunda, nkhalamba ikumunyamula mwana kumuika pakhomo la kachipinda ka woyendetsa. Moldir anali ataika chizindikiro chake: mtengo wa mawaya unkaima ndendende pa zenera lakutsogolo.

Tsikulo kunali chimphepo chochokera kuphiri. Moldir ali padenga anamva kulira kwa chitsulo, kwakutali, ngati chitseko chadzimbiri. Atadzutsa mutu anaona mtengo uja uli pakati pa sitima. Anaphethira, n'kuyang'ananso. Unali kumchira.

Sanakumbuke mmene anatsikira padengapo. Patapata imodzi inatsala pa makwerero, ina m'minga. Sitimayo sinkathamanga. Inkangoseseleka mwakachetechete, yopanda utsi, udzu wa pakati pa njanji ukugona pansi pake, ndipo Moldir anaipeza akuthamanga chodutsa. Anagwira chitsulo chokwerera, koma popondera pamunsi anali atadulapo ogula zitsulo aja. Miyala ya panjanji inkamucheka kuphazi.

"Bambo. Bambo, imitsani."

A Otegen anali atatulutsa chigongono pazenera, maso kutsogolo, nkhope yowala ngati ya mkwati. Inkar anasuzumira pansi pa mkono wawo.

"Alamu, tikupita kumzinda. Ababa ati andigulira nsapato zofiira."

"Khala pansi, Inkar. Gwira mwendo wa ababa. Bambo, mlatho."

Sanamve. Kumene iwo anali kunalibe mpongozi, ndipo mlatho unali wathunthu. Tsopano Moldir ankachita kuthamanga ndithu kuti alingane ndi zenera, ndipo mizati ya mlatho inayamba kuoneka, pakati pake pali mpweya wokhawokha.

Chikwatiwire, dzina la apongozi ake linali lisanatulukepo pakamwa pake. Ngakhale mwana wa eni nyumba yoyandikana nayo, amene anali mnzawo wa dzina, ankangomutchula kuti Kamphuno.  Anakoka mpweya, n'kukweza mawu m'mphuno monga ankachitira iwo pa tiyi.

"Woyendetsa Otegen Sarsenov! Kutsogolo kuli chofiira!"

Msana wa nkhalamba unawongoka.

"Ndamva, chofiira," inayankha, chigongono n'kulowa mkati.

Moldir anamva unyolo ukukokeka, kenako chitsulo chikukukuta chinzake. Anapunthwa n'kugwa, n'kudzukanso. Sitima inalira kwanthawi yaitali isanaime. Pamene inaima, munthu akanatha kuponya mwala kuchokera pamphuno pake n'kugwera mumtsinje.

Anthu anali atafika kale, amuna ochokera kodula udzu, akazi manja ali ufa. Mphepo inali itawafikitsira mawu aja onse. A Otegen anasuzumira pansi.

"Wanditchula ndani?"

 Nkhalamba inamuyang'ana Moldir, mpango utagwa, tsitsi pamtunda, mapazi ali magazi, ndipo inatembenuza nkhope. A Kulash ndiwo analandira mwana pakhomo la sitima. Moldir anali atatambasula manja, koma anawabweza. Amuna anaponya miyala ndi zipika pansi pa mawilo, n'kugwirizana kuti nsapato zachitsulo zija azifunafuna akamaliza kudula udzu.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, Moldir anakhala pamalo pake pafupi ndi khomo n'kuyamba kuthira tiyi. A Kulash sanalandire kapu yawo.

"Mudzi wonse wamva. Mawa ndikatunga madzi ndi nkhope iti? Kwanu amatchula apongozi ngati akuitana galu?"

"Amayi, mlatho unali..."

"Akanaima okha. Munthu wayenda njira imeneyo iwe usanabadwe, angaiwale mlatho? Darkhan ndamuimbira. Wati akabwera ukapepese kwa akuluakulu, uphe nkhosa."

"Ndipepesa. Koma mwana asakwerenso."

"Mwana wa yani?"

Moldir anayang'ana m'ketulo. A Otegen anali atamaliza mbale yawo n'kupempha ina, chinthu chimene anali asanachite chiyambire chilimwe. Anamukhazika Inkar pamwendo n'kumupatsa fupa.

"Waona mmene imayendera, mwana wanga? Ilibe vuto. Kungoti anyamata opanda khalidwe aika miyala panjanji. Mawa tikangomwa tiyi tikaichotse, tipitirize ulendo."

"Mudzuke msanga ndiye, a dalaivala," anatero a Kulash akuseka, n'kupukuta msozi ndi mpango. "Taona wadya lero. Musiyeni munthu asangalale."

Moldir anatolera makapu n'kutuluka nawo. Kuseri kwa nyumba anatsuka mapazi ake m'beseni, madzi n'kufiira. Kuchokera pamenepo mutu wa sitima unkaoneka pamalo pake patsopano, pamene chitunda chimatsetsereka kwambiri.

A Kulash ankadzuka kukakama akavalo kusanache, n'kumusiya Inkar yekha m'zofunda. Galimoto ya mkaka inkadutsa pamsewu waphula nthawi yomweyo, ndipo woyendetsa wake ankadziwa kumene mchimwene wake wa Moldir amakhala m'tauni. Akathawa naye, mwana adzalira, adzaitana amayi ake akutanthauza wina, ndipo Darkhan mwina sadzawatsatira. Moldir anaziganizira zonsezi akumanga mapazi ndi nsanza. Kenako anatenga jekete ya Inkar pachingwe, n'kuipinda, n'kukaibisa m'khola pansi pa udzu pamodzi ndi nsapato zake.