Mwana wachisamba wa kwa Tunney

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Tiyambe tathokoza Ambuye chifukwa cha moyo, ndi chifukwa cha makolo amene anatinyamula kupita nafe ku tchalitchi tisanadziwe n'komwe kuyenda.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, mayi Eileen Tunney anatsika basi pa Kilbrack, m'chigawo cha Mayo, mtima ukudumpha ngati wa kamtsikana. Anali namwino wopuma ntchito wa ku Cleveland, ku Amereka, ndipo aka kanali koyamba kuponda dziko la Ireland, kumene agogo awo aamuna, a Malachy Tunney, anachoka mu 1907.

Ulendowu anawatuma ndi bambo awo, madala a zaka makumi asanu ndi anayi kudza zitatu, amene tsopano anali chigonere. Kalekale madalawo analembera kalata ku parishi ya Kilbrack, ndipo yankho linabwera loti dzina la Malachy mulibe m'buku la ubatizo. Chiyambire pamenepo mtima wawo sunakhale m'malo. Ankaganiza kuti mwina bambo awowo, a Malachy, anali mwana wobisidwa chifukwa cha manyazi, amene sanafike n'komwe pa madzi a ubatizo.

"Pita ukaone ndi maso ako," anatero pouza mwana wawoyo. "Undiuze zoona ndisanatsinzine."

Mayi Eileen anapeza tchalitchi chili chotsegula. M'katimo munali a Colm Durkan, osamalira tchalitchi, ndi mayi Bríd Heneghan, amene ankakonza maluwa pa guwa. Mlendoyo anadzitchula dzina, nafotokozera a Colm za kalata ija ndi chimene anabwerera.

"A kwa Tunney? Ati?" anafunsa a Colm. "Muno a Tunney achuluka kuposa nkhosa, mayi."

"Malachy, mwana wa Thady ndi Honor."

A Colm anawalowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, natulutsa buku lalikulu lonunkha chinyontho. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kutembenuza masamba.

"Awa! Thady ndi Honor! Patrick, 1891. Winifred, 1893. Uyu Martin..."

Mayi Eileen anagwira pakamwa. Mayina amene ankangowamva paubwana, lero ndi awa, olembedwa ndi inki yofiirira! Anawerenga ana asanu ndi awiri. Koma Malachy panalibe. Anabwerera m'mbuyo zaka zisanu, osamupeza. Anafunsa za ukwati wa Thady ndi Honor, a Colm anasanthula buku lina, ukwatiwo munalibenso.

Mayi Eileen anakhala pa kabenchi. Akawauza chiyani madala aja?

Apa n'kuti mayi Bríd ataima kale pakhomo, lumo lodulira maluwa lili m'manja.

"Pepani, ndinali kumva. Makutu alibe chitseko. Malachy ameneyo anali wachingati?"

"Woyamba."

"Chisamba? A Colm, tawerengani dzina la kwawo kwa mayi wa anawo."

"Honor Lavelle."

"Lavelle! Nanga a Lavelle ndi a kuno? Si a kuseri kwa phiri, ku Doonmore?" Mayi Bríd anaomba m'manja mpaka lumo linagwa. "Zaka makumi atatu mwakhala mukulera bukulo ngati khanda, koma m'mutumo mulibe chimene chinalowa! Ukwati amamangira kwawo kwa mkazi. Ndipo mtsikana wa masiku amenewo, pathupi poyamba pakakula, ankabwerera kwa mayi ake kukachirira konko. Mwana ankabatizidwa komweko pasanathe masiku atatu. Ndani akanadutsa phiri ndi kakhanda kofiira? Ine ndemwe ndinabatizidwa kwa agogo anga."

"Ine n'chisamba ngati? Ndikanazidziwira kuti?" anang'ung'udza a Colm.

"Nanga kalata ya madala a ku Amereka anayankha ndani?" anafunsa mayi Bríd.

A Colm anayamba kupukuta magalasi awo mosamala kwambiri, makutu atafiira.

"Ndinadziwa! Tiyeni ku Doonmore, nonse awiri. Inuyo, a Colm, ndicho chilango chanu."

Kagalimoto ka mayi Bríd kanakwera phiri kakulira. Mvula inali kuwaza, nkhosa zodindidwa utoto wofiira pamsana zitagona pakati pa msewu, mayiwo akuziimbira hutala n'kumazitchula mayina a eni ake. A Colm kumbuyo anatulutsa kolona.

"Mukupempherera dzina lipezeke?" anafunsa mayi Eileen.

"Ayi mayi, ndikupempherera tifike amoyo."

Mayi Eileen anaseka mpaka misozi.

Ku Doonmore anapeza bambo mfumu ali pa chakudya chamasana. Atamva nkhaniyo anasiya mbatata zawo zikufuka nthunzi, natenga makiyi. Anayamba ndi buku la maukwati. Sanavutike: mu Febuluwale 1888, Lenti isanayambe, Thady Tunney wa ku Kilbrack anamanga ukwati ndi Honor Lavelle wa ku Doonmore.

"Ndinanena ine!" anafuula mayi Bríd, kuiwala kuti ali m'nyumba ya Mulungu.

Buku la ubatizo analipereka kwa mayi Eileen kuti afufuze okha. Chala chawo chinatsika pang'onopang'ono. Okutobala. Novembala. Tsamba linatha. Anatembenuza, ndipo pa mzere wachitatu chalacho chinaima. Pa 9 Disembala 1888, Malachy, mwana wa Thady Tunney ndi Honor Lavelle, wa masiku awiri.

"Alipo! Alipo, Ambuye wanga, alipo!"

Anakumbatira mayi Bríd, anakumbatira a Colm, bambo mfumu anangopulumukira kuseri kwa tebulo. Kenaka anatulutsa foni. Ku Cleveland kunali kum'mawa, ndipo wodwazika madala aja anawaikira foniyo pakhutu.

"Ababa, ndine Eileen. Ndawapeza! Agogo Malachy anabatizidwa, ababa! Makolo awo anamanga ukwati woyera, ndipo iwo anabadwira kwawo kwa mayi awo, parishi ina. N'chifukwa chake kuja munalibe."

Pa foni panamveka mawu otsika a madala aja: "Tawerenganso, mwanawe."

Anawerenganso, mpaka mayina a amene anamuimirira mwanayo pa ubatizo.

"Beseni limene anabatiziramo likadalipo?"

Bambo mfumu analoza ku khomo la tchalitchi. Beseni la mwala linali pomwepo, m'mphepete mwake mutasalala ndi manja a mibadwo. Mayi Eileen anathamangira pamenepo, naviika zala m'madzi ozizira.

"Ndaligwira, ababa. Dzanja langa lili m'madzimo."

Madala aja anapuma mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu. Ndiye anayambitsa nyimbo yakale yothokoza, imene bambo awo a Malachy ankaimba pometa ndevu. Mawu anali ochepa ngati ulusi, koma mayi Bríd anaizindikira n'kuilandira, bambo mfumu analowamo ndi besi, a Colm nawo anatsatira, mosemphana ndi anzawo koma ndi mtima wonse. Anaimba ndime zonse, foni ili m'mwamba.

Inu owerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, pamodzi ndi akale anu amene anagona ndi ana anu amene akubwera. Nkhalamba za pakhomo panu azipatse mtendere, ndipo amene ali kutali ndi kwawo awayendetse bwino. Amen.