Belu la a Stefania

Loweruka lililonse m'nyengo yokolola ndimayendetsa alendo m'katauni kathu. Zoonetsa zake n'zitatu basi: nkhokwe yakale ya tirigu, sukulu ya chipinda chimodzi, ndi tchalitchi chimene tinachinyamula pa lole kuchokera kuminda chitatsekedwa. Anthu a mumzinda amajambula chilichonse, ndi chimbudzi chomwe.

Tsiku limenelo pagulupo panali a Orest Hryciuk, mlimi wokalamba, ali mu suti yakuda. Akazi awo, a Stefania, anali atamwalira kunyumba yosungirako okalamba mumzinda. Ana awo anawaika m'manda konko mwachangu, ife kuno tinangomva zitatha.

"Bambo Orest, inunso mwasanduka mlendo?" ndinawaseka. "Si inu munkakwapulidwa m'sukulu imeneyi?"

"Iwe mwana wa Mykola, pakamwa ngati bambo ako. Tiye uko, tionetse."

Anatsatira mpaka kutchalitchi. Kumeneko anaima pansi pa belu, maso ali pa chingwe chimene akomiti ya tchalitchi anachikoleka m'mwamba chifukwa ana ankasokosa nacho.

Kale munthu akamwalira belu limeneli linkalira, ndipo aliyense m'munda ankazimitsa thirakitala. Olilizawo anali a Stefania, ubwana wanga wonse. Mayi anga omwe anawalizira ndi iwowo.

"Mkazi wanga analizira anthu onse a kuno," anatero chapansipansi. "Ndiye iyeyo apite ngati nkhuku?"

Za akomiti ndinati ndiziona mawa. Ndinakwera pa benchi n'kutsitsa chingwe.

A Orest anakoka chingwecho, belu n'kulira. Likalira kamodzi, ankadikira kuti mawu azilale, kenako n'kukokanso, monga mmene la maliro limalirira. Ine ndinasuzumira pakhomo. Minda yonseyo pano ndi ya kampani. Chimakina chinkangokolola, woyendetsa wake atadzitsekera m'magalasi, ndipo sichinaime. Mtima unandiwawa koopsa.

Atasiya, alendo anawomba m'manja. Mayi wina anathamangira kutsogolo, foni ili m'mwamba.

"Agogo, tabwerezani! Poyamba paja sindinajambule."

Magazi anandiwira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimusambwadze, koma a Orest anandigwira mkono. Anamuyang'ana mayiyo nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu.

"Ndibwereza, mayi," anatero. "Kuno amene mwamva ndinu nokha."

Anagwiranso chingwe.