Tilekeni Apite kwa Msuweni Wake

Tulo tinamukana Yobe usiku umenewo, ndipo sitinalakwe. Panja, galu wake wamkazi, Tilekeni, ankalira chapansipansi atamangidwa pamtengo wa mango, poti nyengo yake yofuna wamphongo inali itakwana. Kuseri kwa khola la mbuzi, galu wamphongo, mlongo wake wa bere limodzi, Mwatiyesa, ankakanda dothi. Awiriwa ndiwo okha anatsala pakhomopo mwa agalu ofiira amene malemu a Kamtedza, agogo ake a Yobe, anasiya: agalu a mchira woyera kunsonga, osauwa chisawawa, amene nguluwe zakuphiri zinkati zikamva fungo lawo, chimanga n'kuchisiya.

"Mukawamasulira pamodzi mawa, tikwiriranso," anatero mkazi wa Yobe, Nachisale, mumdimamo. "Ulendo watha ana anabadwa zibwano zokhota, osatha kuyamwa. Amene anatha kuyamwa anali gonthi, naye sanakhalitse. Pitani naye kutsidya kwa asuweni anu aja."

"Kwa Sandalamu? Phazi langa silipondako. Ndikusunga magazi a agalu a agogo, ine."

"Nanga agalu a Sandalamu anagwa kumwamba? Si a agogo anu omwewo?"

Yobe anatembenukira kukhoma n'kufunda mpaka kumutu.

Munthu ameneyu kuuma mutu! A Kamtedza ali moyo anagawa agalu awo pawiri. Ena anawasiya kwa mwana wawo wamkazi, mayi ake a Yobe, ena kwa mwana wawo wamwamuna kutsidya kwa Linthipe, bambo ake a Sandalamu. Lamulo linali lakuti galu wamkazi akafuna wamphongo aziwoloka mtsinje, ndipo akaswa, mwana mmodzi azipita kwa mwini wamphongoyo. Zinkayenda bwino mpaka tsiku limene asuweni awiriwa anapha nguluwe limodzi n'kukanganirana mwendo wathako. Yobe ankati galu wake ndiye anayamba kuigwira, Sandalamu ankati wake. Mwendowo unadyedwa kalekale, mafupa ake anaola, koma Yobe anali akadaunyamulabe mumtima. Kuchokera pamenepo ankangokwatitsa agalu pachibale, wamkazi kwa mlongo wake, mwana kwa bambo wake, n'kumadabwa kuti agalu akutha.

Tulo titamugwira, anangopezeka ali m'munda wakale wa agogo ake m'tsinde mwa phiri. Kunali zii, kopanda mphepo, kopanda ngakhale nkhululu. Kunkanunkha lupsa, ndipo pakati pa fungo limenelo panali lina limene sanalimve chimwalirire nkhalambayo, la fodya wa chingambwe. Phulusa linali lofunda kumapazi.

A Kamtedza anali atakhala pachulu, atavala jasi lawo long'ambika pachigongono, nthungo ili pamiyendo. Sanamuyang'ane. Ankayang'ana agalu amene ankatuluka m'tchire mondondozana, mapazi awo osamveka. Patsogolo panali Chatsalira, mayi wa mtundu wonsewo, ndi khutu lake lija linang'ambidwa ndi nguluwe. Pambuyo pake ana ake, kenako adzukulu, onse a zifuwa zotambalala, michira yoyera ikuphethira mumdima. Koma mzerewo unkati ukamapita agalu n'kumachepa msinkhu. Ena ankatsimphina, ena ankagunda zitsa. Omaliza anali tiana tija Yobe anakwirira kuseri kwa nkhokwe, tikukwawa, tikamwa tili pululu. Kamodzi kanagunditsa mphuno yake yozizira pachala cha Yobe. Pambuyo pa timeneti panalibenso kanthu.

"Iwe Yobe," anatero a Kamtedza, mawu awo otsika ngati a munthu wotopa ndi ulendo. "Kodi ndinakusiyira agalu kapena ndinakusiyira mwano?"

"Ndikusunga mtundu wanu, agogo."

"Ukusunga! Unaona kuti munthu akukwatira mlongo wake? Wokwatirana naye ndi msuweni. Ndinawagawa pawiri agaluwa kuti magazi aziwoloka n'kubwerera, akhale amodzi koma asavunde. Iwe wawatsekera m'chithaphwi."

"Komatu mwendo uja unali wanga, agogo. Galu wanga ndiye..."

Nkhalambayo inagogoda chulu ndi nthungo, phulusa n'kuti buu.

"Ha! Ndachoka konse kuja kudzaweruza mwendo wa nguluwe? Tamvera. Ukamupatsanso Tilekeni mlongo wake, pakhomo pako sipadzalumanso galu wanga. Ngati zakukanika, nditenge zanga."

Anaimirira n'kuimba likhweru lawo lija losakira. Yobe anaona Tilekeni akutuluka kumbuyo kwake, chingwe chikukwekwereka m'phulusa, akupita kukalowa pamzere osacheuka. Anayesa kumuitana, mawu osatuluka. Anadziponya pansi n'kugwira nsonga ya chingwe, koma chinkamupulumuka m'manja, chikumuotcha zikhatho.

Anadzidzimuka atagwira bulangete kolimba, thukuta lili kamukamu. Kunja kunali kutayamba kuyera, ndipo m'mphuno mwake munali mukadali chingambwe. Anathamangira panja wopanda malaya. Tilekeni anali pompo pamtengo wa mango, akugwedeza mchira. Yobe anagwada n'kumugwira khosi, manyazi ndi mantha zitamugwira limodzi.

Kenako anatsekera Mwatiyesa m'khola. Nachisale anangomupatsa malaya ndi mbatata yotsala dzulo, n'kutembenuka msanga kuti mwamuna wake asaone kuti akuseka.

Njira yonse yopita kutsidya, Tilekeni ali pachingwe, Yobe ankakonza mawu okanena kwa Sandalamu, mawu oti asaoneke ngati wagonja. Anavutika pachabe. Atafika padooko, anapeza munthu atakhala pamwala tsidya linalo, maso ali psuu, atagwira chingwe cha galu wamphongo wofiira, wa chifuwa ngati cha Chatsalira.

"Msuweni, m'mawa wonse uno ukupita kuti?" anafuula Sandalamu.

"Ndikungowongola miyendo ya galu."

"Inenso."

Yobe anapinda buluku n'kuwoloka. Agalu ananunkhizana, michira ili m'mwamba. Amuna awiri aakuluakuluwo sanayang'anane, wina akuyang'ana madzi, wina phiri.

"Kwa iwenso anabwera?" anafunsa Yobe potsiriza.

"Anabwera? Chionekere mwezi uno sindinagonepo! Nkhalamba ija imfa sinaisinthe. Ndatsala ndi wamphongo yekhayu, akazi onse anatha. Ndimati ndibwere kwanu, koma ndikafika pamwala pano miyendo imakana."

"Za mwendo uja anati chiyani?"

"Anati ndikautchulanso andithyola msana ndi nthungo."

Yobe anayesa kulimba, koma phwete linamupulumuka. Anawerama n'kumasula chingwe m'khosi mwa Tilekeni.

Mvula yoyamba itagwa, Tilekeni anaswa kuseri kwa nkhokwe komwe kuja. Yobe anatsegula kamwa la kagalu kalikonse ndi chala, n'kupeza zibwano zowongoka. Anaomba m'manja, tonse n'kutembenuka. Titasiya kuyamwa, anasankha konenepa kuposa tonse n'kukaika m'dengu.

"Kabwino koposa ndiye mukukapereka?" anafunsa Nachisale.

"Ukufuna agogo abwerenso?" anayankha Yobe.

Ananyamula dengulo n'kulunjika kudooko, akung'ung'udza njira yonse kuti galu wake ndiye anayamba kugwira nguluwe ija. Koma ankanena chapansipansi.