Ziro wa Kutsogolo

Chitsirizira anali munthu woti chinthu chikamuzunguza mutu, tiyi amazizirira m'kapu. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo anzake ku ofesi ankamuseka kuti cholakwika chaching'ono amachilondola mpaka ku una wake.

Amayi ake atamwalira, anasonkhanitsa mauthenga a mawu khumi ndi awiri amene malemuwo ankatumiza pa foni ali gone m'chipatala. Anawaika m'kabokosi ka sipika kokhala ndi batani limodzi lalikulu, kuti Bambo, amene matenda a shuga anali atawalanda maso, azingodina n'kumamva mkazi wawo akulankhula.

Loweruka lina masana anawapeza Bambo pampando wawo wa pawindo, kabokosi kali pamiyendo, akumwetulira okha.

"Amayi akotu mawu amabwerera," anatero Bambo.

"Amabwerera bwanji, Bambo?"

"Amayamba bwinobwino, kenako afooka, mpweya ukuthera pakhosi. Koma ukapirira pang'ono, basi ayambanso kuseka, mpaka kundikalipira za malaya osasita."

Apa m'mutu mwa Chitsirizira munayamba kuyabwa. Matenda a Amayi anawaona ndi maso ake, ndipo matendawo sanabwererepo m'mbuyo. Anakoka mpando n'kudina batani. Zoonadi, utangotha uthenga woyamba kunabwera manong'onong'o a masiku omaliza, kenako mwadzidzidzi Amayi aja ali ndi mphamvu zawo zonse, akudandaula kuti pilo wa m'chipatala ndi wouma ngati njerwa. Anamva chisoni, koma chidwi chinachiposa.

Anakankhira pambali mabotolo a mankhwala pathebulo, n'kutsegula kompyuta yake. Cholakwikacho sanachedwe kuchigwira. Mauthengawo anali atawatchula 1, 2, 3, mpaka 12, koma pulogalamu inkatenga manambalawo ngati mayina wamba. Inkawandanda monga mawu m'dikishonale, kuyang'ana chizindikiro choyamba kaye. Ndiye pambuyo pa 1 pankabwera 10, 11 ndi 12, kenako 2 ndi anzake mpaka 9.

"Bambo, ndalakwitsa ndine. Ndinaiwala ziro."

"Ziro? Kanthu kopanda kanthu kaja?"

"Komweko. Ndikakaika kutsogolo, 2 akhala 02, onse afanana msinkhu, ndipo aliyense aima pamalo pake."

"Ndiye zaka zonse zija kusukulu unkaphunzira kuika palibe patsogolo pa chilipo?"

Anaseka onse awiri. Chitsirizira anawonjezera mzere umodzi wokha m'pulogalamu, wodzaza ziro paliponse pamene nambala yaperewera, ndipo kunena zoona anadzimva kuti ndi katswiri. Anabweza kabokosi pamiyendo pa Bambo.

Ulendo uno Amayi analankhula mwadongosolo lake. Anaseka, anadandaula za pilo, anafunsa ngati maluwa a pakhonde akuthiriridwa. Kenako mawu anayamba kuchepa, uthenga ndi uthenga, osabwereranso. Womaliza unali waufupi: "Bambo a ana, musamaiwale mankhwala. Ine ndatopa." Kabokosi kanangoti zii.

Chala cha Bambo chinakhala pabatani nthawi yaitali, osadina.

"Kale amamaliza ndi uti?" anafunsa.

Chitsirizira anayang'ana pakompyuta. "Wachisanu ndi chinayi."

"Tauike."

Mawu a Amayi anadzaza chipinda, otopa pang'ono koma anthabwala: "Adokotala akuti mwina Lachisanu anditulutsa. Muchape makatani, ndisadzapeze nyumba ili ngati khola la mbuzi."

Bambo anapukusa mutu, akumwetulira ndi maso onyowa.

"Mwanawe, usaganize kuti mutu wanga wasokonekera. Kumanda ndinaliko, ndikudziwa kumene amayi ako ali. Koma m'nyumba muno ndimafuna azimaliza akubwera."

Chitsirizira anayang'ana mzere wake uja. Unali wolondola, wopanda pokhota, ndipo pa ntchito yake yonse anali asanabwezerepo dala cholakwika chimene wachigwira. Anachita manyazi kuti sanayambe wawafunsa Bambo. Anaufufuta, ziro onse n'kuchoka, 10 n'kulumphiranso kutsogolo kwa 2.

"Ndabweza, Bambo."

Bambo anadina batani, Amayi n'kuyambiranso kuwapatsa moni. Chitsirizira anatseka kompyuta, anakwera pampando, n'kuyamba kumasula makatani a pawindo.