Botolo Limodzi la a Zefa

Galimoto inanditula pa Ntengo-Wambalame Lachitatu m'mawa. Sikuti ndinkapita kumeneko. Ulendo unali wa ku Ulongwe, kenako Furankungu. Koma mvula ya Janeiro inali itagumula kamlatho kutsogolo, ndipo woyendetsa anati galimoto yake saisambitsa mumtsinje. Anatembenuka kubwerera ku Tsangano. Ine ndinatsala pamsewu, chikwama kumsana, nsapato za m'tauni m'matope.

Kwathu ndi ku Tete, mumzinda. Ntchito yanga ndi yokonza masola ndi mabatire. Malo amodzi sindigonapo kawiri. Miyendo imayabwa.

Telefone inali itazima. Ndinafunsa kotchajira pakamsika. Mayi wogulitsa mapichesi analoza ndi mlomo.

"Ku biblioteka. Pachitseko chobiriwira paja."

Biblioteka, nyumba ya mabuku, kuno? Ndinapita.

Inali nyumba yakale yosungiramo mbatatesi. Fungo lake linali lisanachoke. Mashelefu atatu a matabwa a paini. Mabuku mwina mazana awiri, ena Achipwitikizi, ena Achichewa ochokera kutsidya kwa malire. Mabenchi obwereka ku tchalitchi. Bolodi pakhoma. Padenga sola imodzi, waya wake wolumikizidwa ndi munthu wosaopa moto.

Woyang'anira anali Porofesora Olinda, mphunzitsi wopuma ntchito. Wamtali, wowonda, majuzi awiri.

"Kutchaja n'kwaulere," anatero. "Koma muno munthu sangokhala. Tengani buku, kapena konzani china."

Ndinakonza waya. Mphindi khumi. Kenako ndinakhala pabenchi la kumbuyo, bondo likuvina.

Lachitatu pamenepo ndi tsiku la mapepala. Aliyense amabwera ndi pepala lomwe lamukanika. Mkulu wina anali ndi khadi la kuchipatala, akufuna tsiku lobwererako. Mayi wina anali ndi kalata ya ku eskola ya mwana wake. Lamulo ndi limodzi. Porofesora sakuwerengera. Amakhala pambali pako, iwe n'kumalimbana nalo wekha.

Cha m'ma naini munalowa mayi wa zaka ngati makumi asanu. Majombo odzaza matope. M'manja kanthu kokulunga m'chitenje. Anakamasula pa tebulo. Botolo loyera la mankhwala opopera mbewu, laling'ono, kutalika ngati chikhatho.

"A Zefa, mwalawirira," anatero Porofesora.

"Chiwawu chalowa, Porofesora. Dzulo ndaona madontho akuda kunsi kwa masamba. Ndi nkhungu imeneyi, ndikapanda kupopera lero, pofika Sabata mulibe mbatatesi."

Nkhani yake inali yachidule. Amuna awo, a Tito, ali ku Chidzolomondo, akugwira ntchito ya fodya mpaka nthawi yokolola. Atumiza botolo ili kudzera mwa woyendetsa lole. Limodzi lokha. Lina kulibe. Bomba yopopera m'mudzi mwawo ndi imodzi, ya a Yakobe, akulu awo a a Tito. A Yakobe amapopera okha, ndipo muyeso wawo ndi umodzi pa mankhwala alionse: kachitini ka tomato, kodzaza, pa bomba iliyonse.

"Chaka chatha botolo linathera pakati pa munda," anatero a Zefa. "Kumtunda tinakolola. Kumunsi kunavunda konse. Chaka chino ndikufuna ndidziwe ndekha zomwe botolo likunena. Alamu afika kumunda mame akauma."

Ndinatambasula dzanja. "Bweretsani, mayi. Ndikuwerengereni msanga."

Porofesora anandiyang'ana pamwamba pa mutu ngati akuyeza msinkhu wanga.

"Senyoro wa m'tauni, Janeiro wa chaka chamawa mudzakhala kuno?"

"Ayi."

"Ndiye khalani pansi."

Ndinakhala.

A Zefa zilembo anaziphunzira ku Malawi ali mtsikana, nthawi yothawa nkhondo. Zaka ziwiri, pansi pa mtengo, m'Chichewa. Atabwerera kwawo anakwatiwa, sukulu n'kuthera pomwepo. Buku la nyimbo amawerenga bwinobwino. Koma mapepala a boma, a chipatala, a m'sitolo, onse ndi Achipwitikizi. Anayamba kubwera ku biblioteka atakolola chaka chatha. Miyezi isanu ndi iwiri. Izi anandinong'oneza mkulu wa khadi uja.

Zilembo za pa botolo zinali zing'onozing'ono ngati nthata za nkhuku. Biblioteka ili ndi magalasi amodzi owerengera, omangirira ndi chingwe ku mwendo wa tebulo. A Zefa anawavala. Anapendeka. Anawagwira ndi chala.

Anayamba pamwamba. Mawu aatali anawalumpha.

"To... ma... te. Iyayi. Fe-i... feijau. Nyemba izo. Ba-ta-ta." Anapumira m'mwamba. "Ndakupeza."

Anatsata mzere ndi chala kupita kumanja. Chala chinali chachikulu, chokakala. Chinatsetserekera pa mzere wa tomato. Ananena nambala.

Ine ndinaluma lilime.

A Zefa anayang'ana nkhope ya Porofesora, n'kuyang'ananso botolo. Anatuluka panja. Anabwera ndi kaudzu kowongoka, n'kukagoneka pansi pa mawu akuti batata.

"Ndinalowa m'munda wa eni," anatero. "Wanga ndi uwu. Kinze mililituru. Pa deji lituru ya madzi."

"Bomba ya alamu anu imalowa madzi angati?" anafunsa Porofesora.

"Dezaseji."

"Ndiye?"

Apa panavuta. Khumi ndi zisanu pa malita khumi. Nanga pa malita khumi ndi asanu ndi limodzi? Yankho linali m'mutu mwanga kale. Linkandiwotcha pakamwa. Ndinaimirira, ndinayenda mpaka pakhomo, ndinabwerera.

A Zefa anapita pa bolodi. Anajambula mabotolo asanu, aja a malita awiri ogulitsira thobwa. Malita khumi. Pashelefu panali chitini cha nyemba zowerengera. Anatapa khumi ndi zisanu, n'kuzigawa pansi pa mabotolowo, imodziimodzi, monga amagawira ana mbatata yootcha. Botolo lililonse linalandira zitatu.

Anawonjezera mabotolo atatu. Asanu ndi atatu tsopano. Malita khumi ndi asanu ndi limodzi. Anaika nyemba zitatu pa lililonse. Anawerenga zonse. Anabwereza. Makumi awiri ndi zinayi.

"Vinte kwaturu."

"Mwatsimikiza?"

"Musandinyengerere, Porofesora. Vinte kwaturu."

Mkulu wa khadi uja anaomba m'manja kawiri, mwakachetechete. Mayi wa kalata anati, "Mana Zefa, mchemwali wanga, mwatha ntchito."

Sanathere pomwepo. Anawerenganso kunsi kwa botolo, pomwe panali tizithunzi. Kuphimba mphuno. Kuphimba manja. Osasambira mumtsinje ukamaliza. Kenako Porofesora anatsegula kabati n'kutulutsa seringa yopanda singano, ya mililituru makumi awiri. Imabwerekedwa ngati buku. A Zefa anaiyesa ndi madzi. Kudzaza kamodzi, kenako mpaka pa folo.

Potuluka anaima patsogolo panga.

"Inu a masola. Galimoto lero kulibe. Miyendo ikuvinavinayo tiyeni ikatunge madzi."

Munda unali pamtsetse, mphindi makumi anayi wapansi. Mizere ya mbatatesi kutsika mpaka kukamtsinje. Maluwa oyera. Dzuwa linali litaboola nkhungu. Nsapato zanga zinali zitasanduka zidina za dothi.

A Yakobe anali atafika kale. Wamfupi, wamapewa, chipewa chaubweya. Bomba yabuluu kumsana. Pa lamba wake pakulendewera kachitini ka tomato pa waya, kakuda ndi zaka. Akazi awo, a Edina, anakhala pachulu akusenda chimanga chootcha.

"Alamu, mame anauma kalekale," anatero a Yakobe. "Mumalemba mayeso?"

"Ndimafunsa botolo, alamu."

"Layankha?"

"Layankha. Lati vinte kwaturu pa bomba."

Anatulutsa seringa. Anakoka mankhwala, kamodzi ndi pang'ono, n'kuthira m'kachitini ka a Yakobe kuti aone. Sanafike n'komwe pakati.

A Yakobe anasuzumira m'kachitini. Anaseka mpaka chifuwa chinalira.

"Awa ndi a m'maso mwa mwana, alamu. Ine ndapopera zaka makumi awiri. Chiwawu sachinyengerera."

"Zaka makumi awiri, ndipo botolo limathera pakati."

"Limathera pakati chifukwa Tito amagula laling'ono."

"Lathu linali lalikulu," anatero a Edina ali pachulu pomwepo. "Linatheranso pakati."

"Iwe idya chimanga."

A Yakobe anasiya kuseka. Anakanda ndevu.

"Tamverani, alamu. Tito anandisiyira ine munda uno. Mukathira madzi okhaokha, mbatatesi n'kufa, adzafunsa ine. Sadzafunsa Porofesora." Ananditembenukira. "Achimwene, inu mwaoneka ndinu ophunzira. Tawerengani apa, timve zoona."

Anandipatsa botolo. Ndinaligwira. Mzere wa batata ndinauona pomwepo. Zikanatenga mpweya umodzi.

Ndinalibwezera kwa mwini wake.

"Awerenga kale amayiwa. Ine ndabwerera madzi."

Magalasi anali atatsala ku mwendo wa tebulo. A Zefa anatambasula mkono mpaka pomwe unathera. Anatembenuzira botolo ku dzuwa. Anatsinzina diso limodzi. Anathyola kaudzu.

"Batata. Kinze mililituru. Deji lituru." Anatsitsa botolo. "Bomba yanu ndi dezaseji. Zitatu pa malita awiri alionse. Mukafuna tiwerenge ndi miyala."

A Yakobe anakonza chipewa chawo. Kenako anamasula malamba, n'kutsitsa bomba pansi mwaulemu, ngati akutsitsa mwana.

"Munda ndi wanu. Muyeso ndi wanu. Msana ukhalenso wanu."

Anapita kukakhala pachulu, kufulatira akazi awo.

A Zefa anamanga kansalu pamphuno. M'manja anavala majumbo a shuga. Ine ndinatsikira kumtsinje ndi zigubu ziwiri. Tinadzaza. Anathira muyeso wawo. Ndinawathandiza kusenza. Anadzandira, phazi limodzi n'kulowa mumngalande, koma anaima.

Bomba yoyamba inatenga nthawi. Dzanja lamanzere kupopa, lamanja kuwaza. Manja awiriwo sankamvana. Yachiwiri inayendako. Thukuta linadutsa m'kansalu. Ine kutsika, kukwera, kutsika. Mapewa anayamba kuyaka. Ku Tete madzi amatuluka pampopi.

Pa bomba yachitatu a Yakobe anayamba kulankhula ndi mpweya.

"Akuwaza pamwamba pokha."

A Zefa anapitiriza kupopa.

"Chiwawu chimakhala kunsi kwa tsamba. Aliyense amadziwa."

A Edina anatafuna chimanga.

"Taonani, akupita ndi mphepo kumaso. Edina, ukuona?"

"Ndikuona mwamuna atakhala pachulu."

Anapirira mizere ina iwiri. Kenako anadzuka, n'kutsika mumzere mwachangu.

"Alamu, tulani. Mukuwononga mankhwala. Ndodo imalowa pansi, chonchi, kukamwa kwake kuyang'ana kumwamba. Tulani."

A Zefa anatula. Anamasula majumbo m'manja n'kuwapereka.

"Valani awa."

"Ine?"

"Botolo lanena."

Anawayang'ana majumbowo nthawi yaitali. Anavala.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Munthu uja amadziwa kupopera, zimenezo zinali zoona. Mapazi ofanana, dzanja lofewa, tsamba lililonse kunyowa kunsi ndi pamwamba. Bomba ikatha amabwera kumutu kwa mzere, n'kugwada chofulatira. Ine ndithire madzi. A Zefa akoke seringa, aikweze ku dzuwa, aone mzere, athire. Kachitini kankangogunda pa lamba, kopanda ntchito.

Yachinayi inatifikitsa pakati pa munda, pa mtengo wa pichesi.

"Chaka chatha tinathera pano," anatero a Edina, omwe tsopano anali atatenga chigubu chimodzi kwa ine. A Yakobe anamva. Sanatembenuke.

Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi. Mitambo inaunjikana kumapiri a kumalire, n'kuima komweko. Aliyense ankaiyang'ana mwakabisira. Palibe anaitchula.

Ndaona zambiri m'misewu. Malole ogubuduzika, misika yopsa, maukwati a anthu olemera. Sindikumbuka china chomwe ndinachiyang'anitsitsa ngati mmene ndinayang'anira botolo lija likutsika. Za galimoto ndinaiwala. Telefone inali ikadali ku biblioteka.

Bomba yachisanu ndi chitatu inamaliza mzere wotsiriza, wa m'mbali mwa kamtsinje, dzuwa litapendeka. A Yakobe anapopa mpaka ndodo inatsokomola mpweya. Anaima. Anayang'ana kumtunda. Munda wonse unkanyezimira, kuchokera kumsewu mpaka pamapazi awo.

A Zefa anakweza botolo ku dzuwa. Munali mutatsala zala ziwiri. Analitseka mwamphamvu, n'kulikulunga m'chitenje. Kenako anayenda mzere wa kumunsiwo kuyambira kumutu mpaka kumapeto, akutembenuza masamba ndi kamtengo, kuona ngati kunsi kwanyowa. Kunali kutanyowa.

A Yakobe anavula majumbo, chala chimodzichimodzi.

"Tiona pakatha mlungu," anatero.

"Tiona, alamu."

"Koma mukamuuze Tito kuti ndapopera ndine. Munda wonse. Asamve za anthu."

"Ndimulembera lero lomwe," anatero a Zefa. "Ndilemba kuti mwapopera ndinu, ndayeza ndine."