Mphepo ya Kunkhongo

Amayi atamwalira, atate anakhala miyezi yambiri osaikhudza njinga yawo yamoto. Inangokhala pakhonde pathu ku Mtendere itafunditsidwa tenti, nkhuku za aneba n'kumagona pansi pake. Si tinjinga tija ta anyamata operekera anthu zakudya m'tauni ayi. N'chinjinga chachikulu cha maulendo aatali, cha galasi lalitali kutsogolo ndi mabokosi m'mbali, chimene anagula pa okushoni atapuma ntchito ya udalaivala. Komboni yonse inkawadziwa kuti Ba Dingani a chinjinga. Ndipo sankayenda okha. Kumbuyo kunkakhala amayi, Ba Mainess, chitenje atamanga pamwamba pa thalauzi, ulendo wa ku Katete kukaona abale.

Ine ndine Towela, mwana wawo woyamba. Ndili ndi kasaluni pafupi ndi msika, ndipo anthu amati pakamwa panga mpotentha. Sindikana. Ndinatopa kuona bambo wamkulu akuwotha dzuwa pampando tsiku ndi tsiku, lamba akuboola mabowo atsopano chifukwa thalauzi likugwa. Ndinawalongolola mpaka anachotsa tenti ija, n'kuchajitsa batire, n'kunyamuka kuti akangofika pa Chongwe n'kubwerera.

Atabwerako anakhala pampando paja osavula n'jekete lomwe.

"Pali chimene chikundimenya kunkhongo," anatero.

Ndinawafunsa kuti chotani. Anati ukangodutsa pa raundabauti ya ku eyapoti, msewu n'kutseguka, njinga n'kuyamba kuthamanga, chinthu chimabwera kumbuyo n'kumawakankha m'khosi. Helemeti imagwedezeka ngati munthu akuvomera mlandu. Akachepetsa liwiro chimasiya, akawonjezera chimabwerera.

"Ndi mphepo imeneyo, atate."

"Mphepo iti yochokera kumbuyo munthu ukupita kutsogolo? Zaka zonse zija njinga yomweyi, msewu womwewu, sindinachimvepo."

Nkhani sigona m'komboni. Sabata isanathe inali itafika ku Chazanga kwa amayi aakulu, Ba Chrissie, mkulu wawo wa malemu amayi. Anabwera pa minibasi atavala yunifolomu ya chigwirizano, n'kukhala pamphasa miyendo atatambasula. Muyenera kudziwa kuti pamaliro panali mkangano. Akuchikazi ankafuna thupi lipite kumudzi ku Katete. Atate anakana, anati mkazi wawo agone ku Chingwere kuno ku Lusaka, kuti azitha kupita kukazula udzu pamanda. Anapambana atate, koma mawu anatsala m'mimba mwa anthu.

"Alamu, musadzivute n'kufunsa," anatero Ba Chrissie. "Ndi Mainess ameneyo. Munamusiya pakati pa anthu achilendo, ndiye mukaloza njira ya kwawo akukukumbutsani. Njingayo ili ndi mthunzi wake. Igulitseni, ndipo pampando pakepo pasakhale munthu."

Ndinkayembekeza kuti atate ayankha, poti ndi mkulu wa mpingo, zotere amazitsutsa pa guwa. Koma anangoyang'ana pansi. Mawa lake ndinawamva pa foni akuuza munthu wina wa ku Matero kuti abwere kumapeto kwa mwezi adzaione njingayo.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinachita mantha. Njinga ikapita, atate abwerera pampando paja ndipo sadzadzukaponso. Choipa kuposa apo, akhala masiku awo otsala akukhulupirira kuti mkazi amene anakhala naye moyo wonse akuwada ali m'manda. Amayi anga sankasunga chakukhosi ngakhale kwa munthu wowabera zovala pa chingwe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayamba kufufuza pa foni pakati pa kuluka mitu ya anthu. Ndinapeza kuti okwera njinga zikuluzikulu dziko lonse amadandaula za mphepo yogwedeza mutu, ndipo amagula timapiko ta pulasitiki totchedwa madifulekita, n'kumanga pa galasi kuti mphepo ipatuke. Ndinayenda Kamwala yense mpaka ndinapeza kamodzi, komanga pamwamba pa galasi ndi tizitsulo tiwiri. Ndinawakokera atate ku Kalingalinga, iwo pa njinga ine pa minibasi, kwa Moven, bambo wina amene amadula mapulasitiki a zikwangwani za mashopu m'mbali mwa msewu.

Moven anaizungulira njinga ija akuimba mluzu. "Iyi ni ndeke, mudala," anatero. "Manje vuto ni chani?"

Atate anangoti mphepo. Zina zija sanatchule.

Moven anamanga kaphiko kaja, n'kukapendeketsa pang'ono. Atate anapita kukayesa, ife n'kutsala tikudya chimanga chootcha. Atabwerako anati pamphumi pakhala bata, phokoso la m'makutu lachepa. Koma kunkhongo chikadalipo.

Moven anati ndiye kuti mphepo ikulowera m'mbali. Anadula mapiko awiri pa pulasitiki yotsala ya chikwangwani cha butchala, anawawotcha pa mbaula mpaka anafewa, n'kuwapinda pa bondo atayalapo chiguduli. Anaboola, n'kumanga ndi mabawuti m'mbali mwa galasi, uku ndi uku. Phiko la kumanzere linatsala ndi mchira wa ng'ombe yojambula, koma ndani ankasamala? Atate anayesanso. Manja anasiya kuzizira. Kunkhongo chikadalipo.

Tinabwereranso tsiku lina. Ulendo uno Moven anaika tina m'munsi, pa miyendo ya tayala lakutsogolo, poti mphepo ina imakwera kuchokera pansi, kudutsa pa thanki n'kulowa kunsi kwa chibwano. Njinga inayamba kuoneka ngati nkhuku yofungatira anapiye. Anyamata a pa siteshoni ankaseka atate akamadutsa, ine n'kumawabwezera mawu oti sindingawalembe pano.

Nzeru yomaliza inali yanga, ndipo ndiyo inaononga zinthu. Ndinatenga tsitsi lolukira la ku saluni, ndinadula timichira, n'kumata ndi selotepi pa galasi, pa thanki ndi pamapewa a jekete la atate, kuti tione kumene mphepo ikulowera. Atate anapita. Atabwerako nkhope inali itagwa.

"Ta pagalasi tikuloza kumbuyo, monga mwa nthawi zonse," anatero. "Ta pamapewa tikuloza kutsogolo. Tikundinyambita m'masaya."

Moven anaika sipanala pansi. "Ba Towela, ine vanga ni vamapulasitiki. Ivi vinangu pitani kuli bapasita."

Ha! Bambo wamkulu, ndevu mbuu, kuthawa tsitsi la saluni. Ndinamuuza kuti ndi wamantha, iye anangoti inde, ndipo akufuna kukalamba.

Tsono ine njinga yamoto ndimaiopa. Ndinali ndisanakwerepo ya atate ngakhale kamodzi, ndinkati bola ndipanikizike mu minibasi. Koma Loweruka lomaliza mwezi usanathe ndinatseka saluni m'mawa, makasitomala akudandaula, ndinavala jinzi, n'kulowa m'chipinda cha atate. Helemeti ya amayi inali pamwamba pa wadiropu. Mkati munali mukadali fungo la mafuta awo a m'tsitsi. Ndinaima kaye pang'ono, kenako ndinaivala n'kutuluka.

Atate atandiona anadzuka pampando. "Vula chimenecho. Sunamve zimene ananena amayi ako aakulu?"

"Ndamva. Ndikufuna ndikachione ndekha chokumenyanicho. Ngati ndi amayi, ndikayankhula nawo ine. Ine sankandiopsa ali moyo."

"Towela, usachite mwano."

"Si mwano, atate. Lizani njinga, dzuwa likukwera."

 Atate anakatenga makiyi.

Tinatuluka m'komboni pang'onopang'ono, kuzemba maenje ndi ana othamangitsa matayala, azimayi a pa mpopi atasiya ndowa zikusefukira n'kumationerera. Tinalowa mumsewu wa Great East. Mpaka pa Chelstone zonse zinali bwino, ndinayamba n'kudzifunsa kuti ndinkaopa chiyani. Titadutsa raundabauti ija, magalimoto anachepa, atate anapotokola dzanja n'kuwonjezera liwiro.

Mayo ine! Chinandipeza. Sichinabwere mbali imodzi ayi. Chinagwa kuchokera pamwamba pa mutu wa atate n'kundimenya pamphumi, china kumsana, china m'makutu, bu bu bu bu, osapumira. Helemeti inkavina payokha. Mitengo ya m'mbali mwa msewu ndinkaiona iwiriiwiri. Mano ankagundana, khosi linauma poyesa kugwira mutu kuti usachoke. Ndinakuwa kuti achepetse, koma mawu anga mphepo inkangowatenga.

Atate kutsogoloku anali pa mtendere. Ndinaona mapewa awo akumasuka, msana ukuwongoka. Timichira ta tsitsi tija tinali titagona phee pajekete. Kenako ndinamva kunjenjemera kwina pamsana pawo, ndipo ndinazindikira kuti akuimba. Bambo akuimba nyimbo ya m'buku, ine kumbuyo ndikufa!

Anaima pa Chongwe pafupi ndi azimayi ogulitsa nthochi. Anavula helemeti akuseka, kuseka kumene ndinali ndisanakuone chichokere maliro.

"Chasiya, Towela! Palibe ngakhale pang'ono. Wakhululuka mayi ako, wakuona iwe n'kukhululuka."

Ine ndinatsika n'kugwira mtengo. M'makutu munkalira ngati muli njuchi. Ndikanatha kuwasiya ndi chimwemwe chawocho, koma ndanena kale za pakamwa panga.

"Chasiya kwa inu! Chonse chathera pa ine. Palibe mzimu apa, atate. Mphepo ikadumpha galasi lanulo imagwera kumbuyo kwanu, ikapeza palibe munthu imabwerera n'kukumenyani kunkhongo. Pakakhala munthu, imamenya munthuyo. Ndi zomwezo basi. Mutu wanga ukung'ambika."

Kuseka kuja kunazimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mpando wakumbuyo, anayang'ana ine.

"Ndi mapulasitiki a Moven awa," anatero. "Ndiwo akukutayira mphepo. Kale sizinali choncho."

"Chotsani tione."

Anatsegula bokosi la m'mbali, anatulutsa sipanala, n'kumasula timapiko tonse, kamodzikamodzi, mpaka njinga inatsala monga inalili masiku a amayi. Azimayi a nthochi ankangotiyang'ana. Tinakwera, tinalowera cha ku Rufunsa. Sitinapite patali. Popanda timapiko chinali choposa, chinkachita kundikoka helemeti ngati chikufuna kuizula ndi mutu womwe. Ndinawamenya pamsana ndi chibakera mpaka anaima.

Sanafunse. Anaona maso anga ofiira ndi misozi imene mphepo inaikokera mpaka m'makutu. Anazimitsa njinga, anaimika, n'kukakhala pa kalavati m'mbali mwa msewu. Thiraki ya makala inadutsa, fumbi n'kutikuta.

"Luangwa," anatero, akutchula malo a m'njira ya ku Katete. "Nyimba. Petauke. Sinda. Tsiku lathunthu pamsewu. Kupita ndi kubwera."

Ndinavula helemeti.

"Mayi ako sanandiuzepo. Ngakhale tsiku limodzi."

"Munawafunsapo?"

Ndinadziwa kuti funsolo ndi lolasa, koma linatuluka. Iwo sanakwiye.

"Ndinkafunsa. Tikaima pothira mafuta ndinkati, uli bwino kumbuyoko? Iye ankati, yendetsani, aDingani, mukuyendetsa bwino." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndinkati akukondwa. Ndinkauza anthu kutchalitchi kuti mkazi wanga amaikonda njinga kuposa ine."

Analira pamenepo, bambo anga, pamsewu, anthu a pa njinga zakapalasa akudutsa n'kumacheuka. Ine mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinakwiyira amayi chifukwa chokhala chete, ndinakwiyira alangizi amene anawaphunzitsa kuti mkazi sadandaula pa chimene mwamuna wake akukondwera nacho, ndinadzikwiyira ndekha. Ndinakhala nawo pa kalavati paja, helemeti ya amayi ili pamiyendo panga.

Patapita nthawi anadzuka. Anatola timapiko tija n'kuyamba kutibwezera, koma ulendo uno ankati akamanga kamodzi, n'kubwera kudzaima kumbuyo kwa njinga, kuwerama mpaka mutu ufike pamene pamakhala mutu wa wokwera kumbuyo, n'kuyang'ana kutsogolo ndi diso limodzi. Kapamwamba kaja anakaimika kwambiri. Anamatula timichira ta tsitsi pajekete lawo n'kutimata pa mapewa anga.

"Uja wa ku Matero umuimbire, umuuze asavutike kubwera," anatero. "Kwera. Chikangoyamba undimenye paphewa, ndiime, tikonzenso. Usapirire, wamva? Ukapirira ndikusiya pompano ukwere basi."

Tinabwerera ku Mtendere tikuimaima njira yonse. Ndinkawamenya paphewa, iwo n'kuima, kutsika, kupotoza kaphiko pang'ono, n'kundifunsa kuti pano bwanji. Ndikati bwinoko, ankandiyang'ana m'maso n'kufunsanso kachiwiri.